Mboni Zokwiriridwa Pansi: Ayuda a ku Warsaw ndi Mbiri Imene Analemba Okha

[Nyimbo yotsegulira pulogalamu, kenako itsike pang'onopang'ono]

Nthawi ija yakwana yoti tikambirane mbiri ya dziko lapansi. Ndichenjezeretu kuti nkhani ya lero ndi yolemera, ndipo ngati pali ana aang'ono pafupi, makolo muone nokha ngati n'koyenera kuti amvere nawo.

Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse ambirife tinaimvera kwa agogo athu amene analembedwa usilikali wa KAR, napita kukamenyana ndi Ataliyana ku Somaliland ndi ku Ethiopia, ena n'kuwoloka nyanja mpaka ku Burma kukakumana ndi Ajapani. Imeneyo inali nkhondo ya msilikali ndi msilikali mnzake. Koma mkati mwa nkhondo yomweyo, ku Ulaya, munkachitika chinthu china chosiyana kotheratu. Boma la Germany, pansi pa Adolf Hitler, linakonza zopha mtundu wathunthu wa anthu, kuyambira khanda mpaka nkhalamba, popanda mlandu wina uliwonse koma kubadwa Myuda basi. Pamene nkhondo inkatha mu 1945, Ayuda pafupifupi 6 miliyoni anali ataphedwa, ndipo pafupifupi 1.5 miliyoni mwa iwo anali ana.

Nambala yotere mutu suigwira. Choncho lero tipita mumzinda umodzi wokha, Warsaw, likulu la dziko la Poland, tikaone kagulu ka anthu amene imfa itawazungulira anatenga cholembera ndi pepala.

Tisanafike kumeneko, tione kaye mmene Hitler anapezera mpando. Sanalande boma ndi mfuti. Anayesapo zimenezo mu 1923 mumzinda wa Munich, zinamukanika, ndipo anakalowa kundende. Atatuluka anasintha njira n'kuyamba kusaka mavoti. Pa chisankho cha 1928 chipani chake cha Nazi sichinapeze ngakhale mavoti 3 pa 100 aliwonse. Chaka chotsatira chuma cha mayiko ambiri chinagwa, mafakitale anatsekedwa, ndipo pofika 1932 anthu pafupifupi 6 miliyoni ku Germany anali pa ulova. Anthu atasowa mtengo wogwira chonchi, Hitler anawalozera chala munthu woti amude: Myuda. Ankati Ayuda ndi amene anagonjetsetsa Germany pa nkhondo yoyamba, ndi amene agwetsa chuma, ndi amenenso akubweretsa chikomyunizimu. Linali bodza lamkunkhuniza. Ayuda ku Germany analipo pafupifupi 500,000, osakwana mmodzi pa anthu 100 aliwonse, ndipo pa nkhondo yoyamba ija Ayuda pafupifupi 100,000 anavala yunifolomu ya Germany yemweyo, 12,000 mwa iwo n'kufera komweko. Koma bodzalo linagwira ntchito. Mu Julayi 1932 chipani cha Nazi chinapeza mavoti 37 pa 100, ndipo pa 30 Januwale 1933 pulezidenti Paul von Hindenburg anamupatsa Hitler udindo wotsogolera boma, atalangizidwa ndi andale ena amene ankadzinamiza kuti adzatha kumuwongolera.

Pano ndipatuke pang'ono, chifukwa ambirife Ayuda timawadziwira m'Baibulo ndi kutchalitchi. Chidani chimenechi Hitler anachipeza chilipo kale. Kwa zaka mazanamazana Akhristu ambiri ku Ulaya ankaphunzitsidwa kuti Ayuda onse, a mibadwo yonse, ali ndi mlandu wa imfa ya Yesu, ndipo pa chifukwa chimenechi Ayuda ankathamangitsidwa m'mayiko, kulandidwa katundu ndi kuphedwa. Mpingo wa Katolika unachita kukana poyera chiphunzitsochi mu 1965, patapita zaka 20 nkhondo itatha. Ine ndimati mlaliki aliyense woima paguwa ayenera kuidziwa mbiri imeneyi asanatsegule pakamwa kunena za Ayuda.

Hitler atangokhala pampando, zinthu zinayenda mofulumira. Pa 27 Febuluwale 1933 nyumba ya malamulo inapsa ndi moto, ndipo kutacha boma linaimitsa ufulu wolankhula, wosonkhana ndi wa nyuzipepala. Pa 23 Malichi aphungu eni ake anavota kuti Hitler azipanga malamulo popanda iwo. Mwezi womwewo ndende ya Dachau inatsegulidwa kuti muzikhala otsutsa boma. Pofika Julayi, chipani chololedwa chinatsala chimodzi chokha. Mu Epulo Ayuda anayamba kuchotsedwa ntchito za boma. Mu Sepitembala 1935 malamulo a ku Nuremberg anawalanda unzika ndi kuletsa ukwati wa Myuda ndi Mjeremani. Usiku wa pa 9 Novembala 1938 masunagoge anatenthedwa m'dziko lonse, masitolo a Ayuda anaphwanyidwa, ndipo amuna pafupifupi 30,000 anatengedwa kupita kundende. Chimene ndikufuna mugwire apa n'chakuti zambiri mwa izi zinkabwera ndi chidindo cha boma. Panali kalaliki wolemba mayina, woweruza wogamula, wapolisi wogogoda pachitseko, ndi mnansi woyang'ana kumbali. Nawo mayiko ena anatseka zitseko. Mu Julayi 1938 mayiko 32 anakumana ku Evian m'dziko la France kukambirana za Ayuda othawa, ndipo pafupifupi onse anapepesa kuti alibe malo.

Mu Okutobala chaka chomwecho, Germany inasonkhanitsa Ayuda pafupifupi 17,000 ochokera ku Poland n'kukawataya pamalire. Masauzande a iwo anakakamira m'katawuni kotchedwa Zbąszyń, akugona m'makola a mahatchi. Mmodzi mwa anthu amene anatumizidwa kuchokera ku Warsaw kukawathandiza anali mphunzitsi wa mbiri yakale, a Emanuel Ringelblum. Anabadwa mu 1900 ku Buczacz, anaphunzira ku yunivesite ya Warsaw mpaka kupeza digiri ya udokotala pa mbiri ya Ayuda a mumzindawo, ndipo ankaphunzitsa pa sukulu ya sekondale. Ku Zbąszyń anakonza za chakudya, chipatala ndi sukulu, komanso ankalimbikitsa othawawo kuti afotokoze ndi kulemba zimene zinawachitikira. Ntchito ziwirizi, kudyetsa anthu ndi kusunga mawu awo, a Ringelblum anapitiriza nazo mpaka imfa yawo.

[Nyimbo yaifupi]

Pa 1 Sepitembala 1939 Germany inalowa m'dziko la Poland, ndipo nkhondo inayamba. Ku Poland kunali Ayuda oposa 3 miliyoni, ndipo mu Warsaw munthu mmodzi pa atatu aliwonse anali Myuda. Anzawo ambiri ophunzira anathawira kum'mawa, koma a Ringelblum anakana kuchoka. Pofika Disembala, Myuda aliyense wosinkhukirapo analamulidwa kuvala kansalu koyera pamkono kokhala ndi nyenyezi ya Davide. Pa 16 Novembala 1940 Ajeremani anatseka chigawo china cha mzindawo ndi khoma lotalika mamita oposa 3, pamwamba pake waya waminga. Malo amenewa ndi amene amatchedwa geto. Anthu oposa 400,000 anapanikizidwa pa malo osakwana masikweya kilomita 4, mwakuti chipinda chimodzi chinkagona anthu 7 kapena kuposa.

Chida choyamba chophera chinali njala. Chakudya chimene boma linkalola Myuda kulandira pa tsiku mu 1941 chinali chosakwana makalori 200, pamene munthu wamkulu amafunika oposa 2,000. Geto inkakhala ndi moyo chifukwa cha chakudya cholowa mozemba, ndipo ambiri mwa ozembetsawo anali ana. Mwana wa zaka 7 kapena 8 ankakwawa pa kabowo ka pansi pa khoma, n'kupita tsidya linalo kukapempha kapena kugula, n'kubwerera atabisa mbatatesi m'malaya mpaka kuoneka wonenepa, pamene miyendo ili tiwii. Mlonda akamugwira ankamukhuthulira mbatatesiyo pansi, kumumenya, mwinanso kumuwombera pomwepo. Mabanja ambiri ankadya chifukwa cha ana otere. Ngakhale zinali choncho, njala ndi matenda a typhus, ofalitsidwa ndi nsabwe, zinapha anthu oposa 80,000 pofika pakati pa 1942. M'mawa anthu ankapeza mitembo m'mbali mwa msewu itafunditsidwa mapepala, chifukwa abale analibe ndalama ya maliro.

A Ringelblum anali mmodzi mwa atsogoleri a bungwe la Ayuda lothandizana okhaokha, limene linkayendetsa malo ophikira anthu msuzi ndi makomiti a m'nyumba zogonamo. Ntchito imeneyi inkawakumanitsa ndi anthu amitundumitundu tsiku ndi tsiku, makamaka othawa kuchokera m'matawuni ang'onoang'ono, aliyense ndi nkhani yake. Usiku ankalemba zimene amva. Ataona kuti munthu mmodzi sangakwanitse, anasonkhanitsa anzawo mwachinsinsi: aphunzitsi, arabi, atolankhani, olemba mabuku, akatswiri a zachuma, ndi amalonda ena amene ankapereka ndalama yogulira mapepala ndi chakudya cha olembawo. Onse pamodzi analipo pafupifupi 60. Popeza ankakumana Loweruka, tsiku la Sabata la Ayuda, anadzitcha Oyneg Shabes, kutanthauza chisangalalo cha Sabata, kuti wakumva aziyesa ndi gulu la mapemphero.

Tamvani zimene ankatolera. Anapempha ana asukulu kuti alembe zimangirizo zofotokoza moyo wawo mu geto. Anafunsa amayi za mmene akudyetsera mabanja amuna awo atagwidwa. Anatenga makhadi olandirira chakudya, matikiti a basi ya panjanji, zikwangwani za malamulo a Ajeremani zomatidwa pakhoma, mitengo ya buledi pa msika wozemba mwezi ndi mwezi, nyuzipepala zosindikizidwa mobisa, makalata ochokera kumidzi, zithunzi zojambula pamanja, nthabwala zimene anthu ankauzana, ngakhale timapepala tokulungira maswiti opangidwa mu geto momwemo. Mayi Rachel Auerbach, mtolankhani amene ankayang'anira malo ophikira msuzi pa msewu wa Leszno, analemba za anthu amene ankabwera pamzere ndi mbale zawo, mmene nkhope zawo zinkasinthira sabata ndi sabata, mpaka tsiku limene wina sankabweranso. Iwo anavomereza poyera m'zolemba zawo kuti mbale imodzi ya msuzi pa tsiku sinkapulumutsa munthu amene analibe china chilichonse chodya.

Chimene chimandigwira mtima kwambiri pa ntchito imeneyi ndi lamulo limene a Ringelblum anaika: kulemba zoona zonse, zokoma ndi zowawa zomwe. Sanafune mbiri yongoyeretsa mtundu wawo. M'mapepalamo muli nkhani za apolisi achiyuda amene ankamenya Ayuda anzawo ndi kulandira ziphuphu, za olemera amene ankadya m'malesitanti mwana akufa ndi njala pakhomo, za Apolishi amene ankagulitsa Ayuda obisala, komanso za Apolishi ena amene ankaponya buledi kudutsa khoma, podziwa kuti kuyambira chakumapeto kwa 1941 wothandiza Myuda chilango chake chinali imfa. Munthu wovutika chonchi akanatha kungolemba zotemberera adani, ndipo palibe akanamudzudzula. Iwo anasankha kugwira ntchito ya mboni yoona, ndipo n'chifukwa chake lero palibe angawatsutse.

Poyamba ankaganiza kuti akutolera zinthu zodzalembera buku nkhondo ikadzatha. Maganizo amenewa anasintha chakumayambiriro kwa 1942. Ajeremani anali atalowa kale m'dziko la Soviet Union mu Juni 1941, ndipo magulu awo apadera ankawombera Ayuda m'maenje. Pa malo otchedwa Babi Yar pafupi ndi Kyiv anapha anthu 33,771 m'masiku awiri okha. Pa 20 Januwale 1942 akuluakulu 15 a boma anakumana ku Wannsee, pafupi ndi Berlin, kugwirizana za mmene maunduna awo agawanirane ntchito yopha Ayuda a ku Ulaya konse. A mu geto sankadziwa za msonkhanowo. Koma mwezi wotsatira kunafika bambo wina wodziwika ndi dzina loti Szlamek, atathawa pa malo otchedwa Chełmno. Anafotokoza kuti kumeneko anthu ankawalowetsa m'malole otsekedwa, n'kulowetsamo utsi wa injini mpaka onse afe, ndipo iye ntchito yake inali yokwirira mitembo m'nkhalango. Anati tsiku lina anakwirira makolo ake omwe. Mlembi wa gululi, a Hersh Wasser, ndi akazi awo mayi Bluma analemba umboni wake wonse.

Kuyambira pamenepo gululi linasanduka lochenjeza dziko. Linkalemba malipoti n'kuwapereka kwa Apolishi omenya nkhondo mobisa, amene ankawatumiza ku boma lawo lothawira ku London. Inu amene mukumvera wailesi momasuka pano, dziwani kuti mu Poland nthawi imeneyo kupezeka ndi wailesi unali mlandu waukulu. Komabe ena ankamvera mobisa. Pa 26 Juni 1942 wailesi ya BBC inaulutsa za kuphedwa kwa Ayuda a ku Poland, n'kutchula Chełmno ndi malo ena. A Ringelblum analemba m'buku lawo kuti limeneli linali tsiku lalikulu kwa gulu lawo, chifukwa thukuta lawo silinapite pachabe. Ankayembekeza kuti dziko likamva lichitapo kanthu. Dziko linamva, koma sitima sizinaime.

[Nyimbo yaifupi]

Pa 22 Julayi 1942 zikwangwani zinamatidwa mu geto kuti anthu asamutsidwa kupita kum'mawa kukagwira ntchito. Mkulu wa khonsolo ya Ayuda, a Adam Czerniaków, atauzidwa kuti azipereka anthu masauzande tsiku lililonse, ana omwe, anamwa poizoni tsiku lotsatira. Ajeremani analonjeza makilogalamu 3 a buledi ndi kilogalamu imodzi ya jamu kwa aliyense wobwera yekha pa malo okwerera sitima, ndipo anthu anjala anapitadi. Ena onse ankachita kuwasaka nyumba ndi nyumba. Ankawalonga m'mabogi onyamulira ng'ombe kupita ku Treblinka, mtunda wa makilomita osakwana 100 kuchokera ku Warsaw. Kumeneko kunalibe ntchito. Ambiri ankaphedwa ndi mpweya wa poizoni pasanathe maola ochepa atatsika sitima. M'miyezi iwiri, anthu pafupifupi 265,000 a mu geto anathera kumeneko.

Mmodzi mwa iwo anali dokotala wa ana, a Janusz Korczak, amene nkhondo isanayambe ankalankhula pa wailesi ya Poland za kaleredwe ka ana, ndipo dziko lonse linkawadziwa ngati Dokotala Wokalamba. Ankasunga ana amasiye pafupifupi 200. Anzawo anawakonzera njira yothawira, iwo anakana kusiya anawo. Kumayambiriro kwa Ogasiti anayenda nawo pa mzere, pamodzi ndi mayi Stefania Wilczyńska amene anagwira nawo ntchito zaka zambiri, mpaka kukakwera sitima. Palibe anabwerera.

Masiku omwewo, pa 3 Ogasiti, mphunzitsi wina wa gulu la Oyneg Shabes, a Israel Lichtenstein, anali m'chipinda cha pansi pa sukulu yawo pa nambala 68 msewu wa Nowolipki, pamodzi ndi anyamata awiri amene anawaphunzitsa, Dawid Graber wa zaka 19 ndi Nachum Grzywacz wa zaka 18. Kunja anthu akusakidwa, iwo ankalongedza mapepala m'mabokosi 10 achitsulo n'kukumba dzenje. Asanatseke mabokosiwo, aliyense anaikamo mawu ake otsiriza. Dawid analemba kuti zimene alephera kufuulira dziko azikwirira m'nthaka, ndipo akanakonda kudzakhalapo tsiku limene chumacho chidzafukulidwe. Nachum analemba kuti wamva zoti msewu wa makolo ake wazingidwa, akuthamangira kukaona ngati ali moyo, sakudziwa chimene chimuchitikire, ndipo anapempha kuti dzina lake lidzakumbukiridwe. A Lichtenstein anapempha kuti anthu adzakumbukire akazi awo, mayi Gela Seksztajn, katswiri wojambula amene zithunzi zake mazana anaziika m'mabokosi momwemo, komanso mwana wawo wamkazi Margalit, wa miyezi 20, amene bambo ake ananyadira kuti akulankhula kale bwino Chiyidishi. Onsewa anaphedwa nkhondo isanathe. Ndawatchula mayina awo pa wailesi lero chifukwa ndi zimene anapempha.

Otsala anapitiriza kulemba. Anapeza anthu othawa ku Treblinka n'kulemba umboni wawo, mpaka kujambula mapu a malowo. Mu Febuluwale 1943 anakwirira gawo lachiwiri pa nyumba yomweyo, ulendo uno m'zigubu ziwiri zachitsulo za mkaka, zonga zimene alimi a ng'ombe zamkaka amamangirira panjinga popita kukagulitsa.

Pa 19 Epulo 1943, Pasika wa Ayuda atatsala pang'ono kuyamba, asilikali a Germany analowa kuti amalize geto. Anakumana ndi zipolopolo. Anyamata ndi atsikana pafupifupi 750, okhala ndi mfuti zing'onozing'ono ndi mabomba opanga okha m'mabotolo, analimbana nawo kwa pafupifupi mwezi wathunthu. Gulu lalikulu linkatsogoleredwa ndi Mordechai Anielewicz, mnyamata wosakwana zaka 25, amene anafa pa 8 Meyi. Ankadziwa kuti sapambana. Mkulu wa asilikali, Jürgen Stroop, analamula kuti nyumba zitenthedwe imodziimodzi, ndipo pa 16 Meyi anaphulitsa sunagoge wamkulu wa mumzindawo ngati chizindikiro choti ntchito yatha. Kenako anakonza lipoti lokongola, lokhala ndi zithunzi, lopita kwa mabwana ake. Mwina ena munaonapo chithunzi cha kamnyamata kovala chipewa ndi kabudula, katakweza manja m'mwamba, msilikali ataloza mfuti kumbuyo kwake. Chithunzi chimenecho chinachokera mu lipoti la Stroop. Mu lipotilo omenya nkhondo achiyuda amatchedwa zigawenga. Zikanakhala kuti mabokosi aja kulibe, mbiri ya geto ya Warsaw bwenzi tikuionera kwambiri m'maso mwa munthu amene anaitentha.

A Ringelblum anagwidwa pa nthawi ya kuukirako n'kutumizidwa ku ndende ya Trawniki. Mu Ogasiti 1943 anazembetsedwa ndi anthu awiri olimba mtima, bambo wachipolishi wogwira ntchito ya njanji a Teodor Pajewski ndi mtsikana wachiyuda Shoshana Kossower. Anakabisala ndi akazi awo ndi mwana wawo Uri m'chipinda chokumbidwa pansi pa dimba la a Mieczysław Wolski pa msewu wa Grójecka, mmene munali Ayuda oposa 30. M'menemo, mothinana, powala kanyali, anakhala pakona ya tebulo n'kulemba buku lonena za ubale wa Apolishi ndi Ayuda pa nthawi ya nkhondo, ndiponso mbiri za aphunzitsi, olemba ndi atsogoleri amene anaphedwa. Wina anakaulula, ndipo pa 7 Malichi 1944 Ajeremani anawapeza. Onse anatengedwa kupita ku ndende ya Pawiak, ndipo patapita masiku ochepa anawomberedwa m'mabwinja a geto. A Wolski, amene anawasunga, nawonso anaphedwa.

Hitler anadzipha pa 30 Epulo 1945, ndipo Germany inagonja pa 8 Meyi. Pa Ayuda oposa 3 miliyoni a ku Poland, pafupifupi 9 mwa 10 aliwonse anali atafa. Tisaiwalenso kuti boma lomwelo linapha anthu a mtundu wa Roma, olumala, akaidi a nkhondo a ku Soviet Union pafupifupi 3 miliyoni, ndi Apolishi ambirimbiri, ndipo linatsekera Mboni za Yehova ndi aliyense wolitsutsa.

Pa anthu 60 a Oyneg Shabes anapulumuka atatu okha: mayi Rachel Auerbach, a Hersh Wasser ndi mayi Bluma Wasser. Wodziwa malo enieni anali a Wasser okha, ndipo iwo anapulumuka chifukwa anadumpha m'sitima ikuyenda. Tangoganizani, akanafa iwo, chinsinsi chikanapita nawo. Kupeza malowo sinali ntchito yamasewera, chifukwa geto yonse inali mulu wa njerwa, misewu yosadziwikanso. Akatswiri anachita kuyeza pogwiritsa ntchito zithunzi zakale ndi nsanja ya tchalitchi chimene chinatsala chili chiimire. Mayi Auerbach sanawapatse mpata akuluakulu, anawakakamiza mpaka ndalama yokumbira inapezeka. Pa 18 Sepitembala 1946 fosholo inagunda chitsulo. Mabokosi onse 10 anatuluka, koma madzi anali atalowamo, mapepala ambiri atamatana ndi nkhungu, ndipo akatswiri anachita kuwalekanitsa limodzilimodzi. Pa 1 Disembala 1950 anthu omanga nyumba anapeza zigubu ziwiri za mkaka zija, ndipo mapepala a m'menemo anali osungika bwino kwambiri.

Akuluakulu anati mlandu suwola. Lipoti lomwe Stroop ankadzitama nalo linakhala umboni pa milandu ya atsogoleri a Nazi ku Nuremberg, ndipo iye ananyongedwa ku Warsaw mu 1952. Mayi Auerbach anasamukira ku Israel, kumene anatsogolera ntchito yotolera maumboni a opulumuka ku Yad Vashem, malo osungirako mbiri ya Ayuda ophedwawo, ndipo mu 1961 anaima ngati mboni pa mlandu wa Adolf Eichmann, amene ankayendetsa za sitima zonyamula Ayuda.

Zimene zinafukulidwa ndi masamba pafupifupi 35,000. Akusungidwa ku Jewish Historical Institute mumzinda wa Warsaw, ndipo mu 1999 bungwe la UNESCO linawaika m'kaundula wa zolemba zofunika kwambiri pa dziko lonse. Gawo lachitatu, limene akuti linakwiriridwa kutatsala pang'ono kuti kuukira kuja kuyambe, pa msewu wa Świętojerska pamene lero pali ofesi ya kazembe wa China, linafunidwa koma silinapezeke.

Masiku ano pa intaneti ndi m'mafoni mwathu mumadutsa mauthenga a anthu onena kuti zonsezi sizinachitike, kapena kuti nambala anachita kuikokomeza, ena mpaka kumutama Hitler kuti anali mtsogoleri wamphamvu. Inu aphunzitsi a mbiri m'sukulu zathu, mwana akakubweretserani uthenga wotere, musangomukalipira. Muuzeni za nambala 68 msewu wa Nowolipki, mumutchulire Dawid, Nachum ndi Margalit, ndipo mumuuze kuti mapepalawo alipo, ambiri anasindikizidwa m'mabuku, ndipo munthu angathe kuwawerenga yekha. Nanunso omvera amene muli ndi agogo anaona nthawi zovuta, kaya ndi nkhondo, njala kapena ndende, khalani nawo pansi sabata ino, muwafunse, ndipo mulembe zimene akuuzeni pamodzi ndi mayina ndi zaka zake.

Nthawi yathu yathera pamenepa.

[Nyimbo yotsekera pulogalamu]